MAPANGA A KUM'MAWA: NYUMBA YA ZAKALE YOPANDA CITSEKO

Mwana wa sukulu wa ku Chipata amene afuna kuona nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya dziko lathu ayenera kuyenda makilomita oposa 1,000. Ayenera kukwera basi mbandakuca, kuoloka ulalo wa pa Luangwa, kugona ku Lusaka, ndi kupitirira m'mawa mwace kufikira ku Livingstone, kumene nyumbayo inayambika m'caka ca 1934. Ina iri ku Mbala, ya Moto Moto, imene inatsegulidwa mu 1974 kuti isunge zinthu zimene wansembe wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, anasonkhanitsa m'midzi ya Abemba. Ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1996. Kodi ndi makolo angati m'midzi mwathu amene angagulitse matumba a nshawa kuti mwana akaone mibiya ndi mikondo m'magalasi? Ndi ocepa ndithu. Cifukwa cace ana ambiri amatsiriza sukulu alikuganiza kuti luso la zojambulajambula ndi la anthu a m'tauni kapena la Azungu.

Koma inu awerengi amene mumalima m'tsinde mwa mapiri a Chipata, Katete ndi Chadiza, dziwani kuti zojambula zakale koposa zimene ana anu angaphunzire ziri pafupi ndi minda yanu. Ziri m'mapanga mmene abusa a mbuzi amausa mvula. Palibe citseko, palibe mlonda, palibe wolipiritsa. Ubwino wace ndi umenewo, ndipo ngozi yace ndi yomweyo. Tinayenda m'mapiri amenewa m'cilimwe, udzu utapsa, kuti tione zimene zatsala ndi mmene aphunzitsi angazigwiritsire nchito.

NCHEFU YOFIIRA

Ulendo unayambira kumpoto kwa Chipata, ku phiri la Zawi, makilomita ngati 30 kucokera m'tauni, kufupi ndi mtsinje wa Msandile. Kumalo otere mlendo sathamangira kukwera phiri. Ayamba wapita kwa amfumu a mudzi, nakhala pansi, nanena cimene wadzera. Amfumu ndiwo apereka munthu womtsogolera. Safunsa anadya phula. Galimoto imatsala m'mudzi, ndipo kucokera pamenepo ndi ulendo wa pansi, pakati pa miombo ndi misuku, mbira zikuthawira m'ming'alu ya miyala.

Phanga la m'dziko lino si dzenje la mdima monga ena aganizira. Kawirikawiri ndi mwala waukulu wopendekeka, umene pansi pace pali mthunzi ndi malo ouma okwana banja limodzi kapena awiri. Munthu akangofika saona kanthu. Maso ayenera kuzolowera, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pang'onopang'ono utoto wofiira uyamba kuonekera pa mwala, ndipo uzindikira msana, khosi ndi miyendo ya nyama. Pa Zawi pali nchefu, imene ena amati nsefu. Inanso iri ku Katolola. Amene anaijambula anali munthu woidziwa nyamayo monga mlimi adziwa ng'ombe yace.

Uwu ndiwo mtundu woyamba wa kajambulidwe: nyama zofiira. M'cigawo cino siziri zambiri, ndipo zazilala, cifukwa nzakale. Utoto wace unacokera ku miyala yofiira yokhala ndi citsulo, imene anali kupera kufikira isanduke ufa. Ufawo unalowerera m'mwala, ndipo n'cifukwa cace dzuwa ndi mphepo ya zaka mazanamazana zalephera kuufafaniza.

Mukafunsa akuluakulu kuti anajambula ndani, yankho ndi limodzi kuyambira ku Chipata kufikira ku Dedza m'Malawi: ndi Akafula, amene ena amati Abatwa. Agogo athu amasimba kuti anali anthu aafupi, osalima, okhala ndi kusaka nyama, kufula uci ndi kukumba mizu. Anawapatsanso dzina lakuti Amwandionerapati, cifukwa akakumana nawe anali kufunsa pamene unawaonera. Wocenjera anali kuyankha kuti anawaonera patali, pakuti kunena kuti wawaonera pafupi kunali kuwanyoza kuti ndi aafupi. Nthano imeneyi ana amaimva kumphala, koma ndi ocepa amene anauzidwa kuti dzanja la anthu omwewo likali kuoneka pa mwala.

MIZERE NDI ZOZUNGULIRA

Mtundu waciwiri ndiwo wofala koposa, ndipo ndiwo umadodometsa alendo. Nawonso ngwofiira, koma suonetsa nyama kapena munthu. Pali zozungulira, cina m'kati mwa cinzace monga madzi acitira ukaponyamo mwala. Pali zozungulira zokhala ndi mizere yoturuka ngati dzuwa. Pali zonga makwerero, zonga ukonde, ndi mizere yoyenda pamodzi ngati ya m'munda. Zambiri anajambula ndi cala, ndipo kukula kwa mzere ndiko kukula kwa nsonga ya cala ca munthu.

Munthu wosadziwa angati anali masewera a ana. Koma zizindikiro zomwezi zipezeka ku Kasama, ku miyala ya Mwela, ndiponso ku Nachikufu kufupi ndi Mpika, ndi ku Chongoni m'Malawi. Ana osewera sangapangane kujambula cinthu cimodzimodzi pa mtunda wa makilomita mazana ambiri. Katswiri wina wa zakale, Benjamin Smith, amene anafufuza mapanga a Kasama nalemba buku lace mu 1997, aganiza kuti nyama zofiira zinali za miyambo ya amuna a Abatwa, ndi kuti zozungulira ndi mizere zinali za akazi, zokhudza mvula ndi kubala. Awo ndi maganizo a wophunzira. Eni ace anapita osasiya womasulira. Apa pali phunziro lowawa: cithunzi cikhoza kukhala zaka zikwi, koma tanthauzo lace limafa tsiku limene wotsiriza kulidziwa aikidwa m'manda.

DOTHI LOYERA LA MAKOLO ATHU

Titabwerera ku Chipata tinatsata mseu waukulu wa Great East kuloza ku Katete, pakati pa minda ya thonje, mpendadzuwa ndi cimanga imene inali kudikira mvula. Ku Katete nkwao kwa Kalonga Gawa Undi, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Mkaika mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba. M'dera lomweli muli mapanga a Makwe ndi Mkoma, ndipo m'boma la Chipata muli la Thandwe. M'mapanga otere utoto woyera ndiwo umayamba kukopa maso.

Zojambula zoyera si za Akafula. Nza makolo athu enieni, Acewa, alimi ndi osula zitsulo. Utoto wace ndi dothi loyera losakaniza ndi madzi, lopakidwa mocindikala ndi cala. Ziri za mitundu iwiri. Wina uoneka ngati cikopa ca nyama coyanikidwa, kapena ng'azi yoonedwa kucokera pamwamba, miyendo inai yotambasuka, nthawi zina ndi madontho pamsana. Ofufuza, makamaka mai Leslie Zubieta amene anagwira nchito ndi amai acikulire a Cicewa, anapeza kuti mtundu umenewu ngwa cinamwali: anamkungwi anali kuzigwiritsa nchito polangiza atsikana otha msinkhu, monga mphunzitsi agwiritsira nchito bolodi.

Mtundu winawo ngwa nyau. Uonetsa zilombo zimene aliyense amene anaonerapo gule pa bwalo angazizindikire, monga kasiyamaliro. M'mapanga ena a dziko la Acewa muli ngakhale cithunzi conga galimoto, cimene citiuza kuti kujambulaku kunapitirira kufikira masiku a azigogo athu. Ophunzira ena aganiza kuti zojambula za nyau zinacuruka pa nthawi imene gule anali kutsutsidwa, poyamba m'masiku a nkhondo za Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda, pamene amuna anali kubisala m'mapiri kuti aphunzitse anyamata. Gule yemweyo amene anali kubisidwa, bungwe la UNESCO linamlengeza mu 2005 kukhala cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Pansi pa zojambulazi palinso mbiri ina. David Phillipson, amene anali kugwira nchito m'bungwe la Boma losamala malo akale, anafukula pa Makwe, pa Thandwe ndi pa Kalemba m'boma la Chadiza, nalemba zimene anapeza m'buku lace la mu 1976. Pa Makwe anapeza zida za miyala za zaka ngati 6,000. Pa Kalemba anapeza kuti anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Anaonanso kuti alimi atafika ndi makasu ao, osaka nyama aja sanathe nthawi yomweyo, koma mitundu iwiriyi inakhala moyandikana kwa zaka mazana ambiri. Motero nthano ya Amwandionerapati si bodza la nkhalamba. Dothi la m'phanga liicitira umboni.

KALASI PANSI PA MWALA

Pa phanga lina la m'boma la Katete tinapeza mphunzitsi wa sekondale ya kumudzi ali ndi ana ace. Analibe basi, analibe makina. Anali ndi mabuku olembamo, mapensulo, rula, ndi foni imodzi ya aphunzitsiwo. Mmene anakonzera phunziro lace muyenera kufotokozedwa bwino, cifukwa sukulu iri yonse yokhala pafupi ndi phiri ikhoza kucita cimodzimodzi.

Anagawa anawo m'magulu anai, gulu liri lonse ndi mtundu wace wa kajambulidwe: nyama zofiira, zizindikiro zofiira, zoyera zotambasuka, ndi zoyera za zilombo. M'gulu munali wojambula m'buku, woyesa kukula kwa cithunzi atagwira rula m'malere osakhudza mwala, wowerenga kucuruka kwace, ndi wolemba. Mafunso anali ofanana kwa onse. Utoto ngwotani? Mzere ngwoonda kapena wonenepa? Anajambula ndi cala kapena ndi kanthu kena? Cithunzi ciri pamwamba pofuna kukwera, kapena pansi pofika munthu wokhala? Ndipo pamene zithunzi ziwiri zakumana, ciri pamwamba pa cinzace nciti?

Funso lotsirizali ndilo linabala zipatso. Mnyamata wina anaitana anzace kuti adzaone kuti pamene poyera ndi pofiira pakumana, coyera ndico cikwera pa cofiira. Aphunzitsi sanamuuze kanthu, anangomfunsa kuti pomata nyumba, dothi loyamba ndi lotsiriza limene lioneka pamwamba nliti. Mwanayo anayankha yekha kuti ojambula zoyera anabwera pambuyo. Cimene akatswiri analemba m'mabuku a Cingelezi, mwana wa mlimi anacipeza ndi maso ace.

Nchito ya foni inayamba pambuyo pace. Aphunzitsiwo ali ndi mnzao amene anaphunzira naye ku koleji, amene tsopano aphunzitsa kufupi ndi Kasama. Awiriwa anatsegula gulu la pa WhatsApp la makalasi ao. Ana a kuno amatumiza zithunzi ndi zimene alemba. A ku Kasama amatumiza za ku Mwela. Ndipo gulu liri lonse liri ndi anzace a mtundu womwewo wa kajambulidwe kutsidyako, amene liyenera kulemba nao lipoti limodzi pakutha kwa temu. Popeza pa sukulupo intaneti imabvuta, aphunzitsi amasunga zonse m'foni ndi kukazitumiza akapita pa boma, nabwera ndi mayankho. Mutu umodzi susenza denga: ana a Kasama ali ndi zofiira zambirimbiri, a kuno ali ndi zoyera za cinamwali ndi nyau, ndipo poyerekeza ndi pamene onse awiri amaona cimene ciri cao cao.

Intaneti yomweyo imatsegulanso nyumba zakutali. British Museum ya ku London, pamodzi ndi bungwe la Trust for African Rock Art, inaika pa intaneti zithunzi zikwi zambiri za m'mapanga a m'Afirika, ndipo yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg iri ndi nkhokwe yace ya zithunzi zotere. Aphunzitsi anaonetsa anawo nchefu ya ku mapiri a Drakensberg ku South Africa, yojambulidwa ndi anthu a mtundu wa San ndi mizere yoonda ngati tsitsi, utoto wofiira ukusungunukira m'woyera. Ana anakhala cete, kenaka wina anadandaula kuti anthu a kumeneko anali kudziwa kujambula kuposa a kuno. Aphunzitsi anamfunsa ngati mbiya ya mowa ndi yoipa cifukwa siifanana ndi mtsuko wa madzi. Ciri conse anaciumbira nchito yace. Wojambula cizindikiro ca cinamwali sanali kufuna kuti anthu atame dzanja lace. Anali kufuna kuti namwali asaiwale mwambo. Kuzindikira kuti kajambulidwe kali konse kali ndi colinga cace ndiwo mutu wa phunziro lonse la zojambulajambula, kaya ku Katete kaya ku London.

ZOSAYENERA KUTUMIZIDWA

Panacitikanso kanthu kena kamene sitiyenera kukadumpha. Gulu limene linapatsidwa zoyera zotambasuka linali ndi atsikana awiri osinkhuka. Anayesa kukula kwa zithunzi, anajambula m'buku, koma anyamata atayamba kufunsa tanthauzo lace, iwo anangoyang'ana pansi. Aphunzitsi, pokhala mwana wa Cicewa, anazindikira, nasintha nkhani.

Zojambula zofiira eni ace kulibe, koma zoyera eni ace alipo. Anamkungwi alipo, akulu a kudambwe alipo, ndipo pali mau amene sanenedwa pa bwalo. Foni siidziwa mwambo. Cimene mwana watumiza lero, mawa ciri m'manja mwa anthu amene sanapite ku cinamwali kapena kudambwe, ndipo sicibwereranso. Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru ayamba wakhala pansi ndi amfumu ndi anamkungwi, nagwirizana nao za zithunzi zimene zingatumizidwe ndi mau amene angalembedwe. Ana akhoza kuphunzira utoto, mizere, kukula ndi kutsatana kwa zithunzi popanda kuulula cinsinsi ca munthu ali yense. Zotsalazo ziri ndi sukulu yace ndi aphunzitsi ace.

Komanso tisabisale kumbuyo kwa mwambo ndi kulekerera zonse kuti zitayike. Kujambula m'mapanga kunaleka, ndipo amai amene anamva kwa agogo ao za zithunzi zimenezi atsala owerengeka. Ngati atsikana a masiku ano sakhala nao pansi, zoyera zidzasanduka ngati zofiira: zooneka ndi maso, koma zosalankhula. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera mwa munthu amene anawamva.

ADANI A MAPANGA

M'mapanga angapo amene tinafikamo tinaona zomvetsa cisoni. Pena anyamata analemba maina ao ndi makala kapena coko pamwamba penipeni pa zojambula. Pena osaka mbewa ndi abusa anasonkha moto m'tsinde mwa mwala, ndipo mwaye unakwirira zonse. Pena opita kukapemphera kuphiri analemba mau ndi penti wa m'sitolo, osadziwa kuti pansi pace pali nchito ya anthu ena. Alipo amene amakumba pansi pa phanga poganiza kuti zizindikiro zija zilozera cuma cobisika. Sapeza kanthu, koma amasokoneza dothi limene likanauza ofufuza mbiri ya zaka zikwi. Alipo amene amaphwanya miyala ya kugulitsa kwa omanga nyumba. Ngakhale mlendo wofuna zabwino amaononga akathira madzi pa cithunzi kuti cioneke bwino m'foni, pakuti madzi amasungunula dothi loyera ndi kusiya mcere pa lofiira. Thukuta la m'manja nalonso limadetsa utoto.

Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, losamala malo otere m'dziko lonse. Kuononga zojambula, kucotsa kanthu, kapena kukumba m'phanga popanda cilolezo ndi mlandu. Koma bungwe silingaike mlonda pa mwala uli wonse wa m'Cigawo ca Kum'mawa. Anansi athu a ku Malawi anasamala mapanga 127 a ku Chongoni, ndipo mu 2006 UNESCO inawalemba m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse. Zojambula za kumeneko ndi za kuno nza anthu amodzi. Malire anabwera pambuyo.

Mlonda weniweni ndi mwana amene waphunzira. Mnyamata amene anakhala tsiku lathunthu akuyesa cithunzi ndi rula, nalemba za ico kwa anzace a ku Kasama, sadzalembapo dzina lace ndi khala, ndipo adzaletsa mng'ono wace. Tsono inu makolo, aphunzitsi akapempha kuti ana apite kuphiri, musati nkutaya nthawi ya kumunda. Inu mafumu, ngati m'dziko lanu muli phanga la zojambula limene Boma silidziwa, kauzeni a ofesi ya boma lanu kuti uthenga ufike ku bungwe losamala zakale. Inu agogo, mdzukulu akabwera ndi buku kudzafunsa za Akafula, muuzeni zonse zimene munamva, ndi dzina la phiri, ndi la amene anakuuzani. Ndipo inu aphunzitsi, nthawi yabwino ya ulendo wotere ndi kuyambira July kufikira October, udzu utacepa ndipo njira zikuoneka. Nyamulani madzi akumwa, pitani kwa amfumu poyamba, ndipo ana asakhudze mwala.